Mbiri ya David Livingstone, mlendo amene anagonja pa Cahora Bassa

Kumayambiriro kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 1856, mzungu wina wowonda, wa zovala zong'ambika, anagona m'tchire pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13 kuchokera mu mzinda uno wa Tete. Mphamvu zoti amalizire ulendo zinali zitamuthera. Anali ndi amuna oposa 100 ochokera kumtunda kwa Zambezi, ndipo onse anali ndi njala. Anatumiza makalata kwa mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, Major Tito Sicard, ndipo kusanache kunafika asilikali atanyamula chakudya. Mlendoyo anali David Livingstone, dokotala komanso m'mishonale wa ku Scotland.

Ambiri a ife dzina lake timalimva pa mzinda wa Livingstone ku Zambia ndi pa mishoni ya Livingstonia ku Malawi. Ngakhale Blantyre, kumene timapita kukaoda katundu ndi kukaona abale, ndi dzina la mudzi umene iye anabadwirako. Koma mbiri yake ikutikhudza ife a chigawo cha Tete kwambiri. Chiyembekezo chake chachikulu chinathera pa miyala ya Cahora Bassa, mkazi wake anaikidwa m'mbali mwa Zambezi, ndipo malire amene lero akudula minda ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Zóbuè anabadwa pa mkangano umene maulendo ake anautsa. Malo angapo amene iye anapondako ali lero pa mndandanda wa UNESCO wa cholowa cha anthu onse a dziko lapansi, umene pa Chipwitikizi timati Património Mundial.

Mwana wa m'fakitale ya thonje

David Livingstone anabadwa pa 19 Malichi 1813 ku Blantyre, pafupi ndi mzinda wa Glasgow. Makolo ake, Neil ndi Agnes, anali osauka, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba ya antchito. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito m'fakitale ya thonje, yolumikiza ulusi ukaduka. Ntchito inkayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ankakhalanso maola awiri m'kalasi. Ndalama zimene ankasunga zinamulipirira maphunziro a udokotala ku Glasgow kuyambira mu 1836.

Mtima wake unali woti akalalikire ku China, koma nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Matchaina inatseka njira. Ku London anakumana ndi Robert Moffat, m'mishonale wa ku Kuruman, kumwera kwa Africa, amene anamukopa kuti abwere kuno. Bungwe la London Missionary Society linamutuma, ndipo anafika ku Cape Town mu Malichi 1841.

Mkango, chilala ndi banja

Zaka zake zoyamba anakhala pakati pa Atswana. Mu 1844 ku Mabotsa, mkango umene unkagwira ziweto za anthu unamulumphira n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere. Amene anamupulumutsa anali mphunzitsi wachikuda dzina lake Mebalwe, yemwe anaukopera mkangowo kwa iye mwini n'kulumidwa nayenso. Mkonowo sunabwererenso mwakale. Akuchira ku Kuruman anafunsira Mary, mwana wa Moffat, ndipo anakwatirana mu Januwale 1845.

Ku Kolobeng, m'dziko limene lero ndi Botswana, anabatiza mfumu Sechele mu 1848. Secheleyo ndiye anali woitana mvula wa anthu ake, ndipo atalowa Chikhristu analeka mwambowo n'kubweza akazi ake ena kwawo. Kunagwa chilala cha zaka zingapo. Livingstone anaphunzitsa anthu kukumba ngalande yothirira, koma mtsinje womwewo unaphwa. Anthu anaona kuti mavutowo abwera ndi mphunzitsi watsopanoyo, ndipo pa zaka zonse zija munthu amene anamubatiza anali Sechele yekha.

Apa ndi pamene anayamba kuyang'ana kumpoto. Mu Ogasiti 1849 anafika pa nyanja ya Ngami. Kawiri konse anadutsitsa mkazi wake ali ndi pakati, pamodzi ndi ana aang'ono, m'chipululu cha Kalahari. Khanda lawo Elizabeth linamwalira mu 1850 lisanathe miyezi iwiri. Apongozi ake aakazi anamulembera kalata yomudzudzula, ndipo mu 1852 iye anakweza Mary ndi ana sitima ya ku Britain, kumene mayiyo anakhala zaka zinayi movutika, wopanda nyumba yakeyake.

Luanda ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya

Ulendo umene unamutchukitsa sanaulipirire Angerezi. Anaulipirira Sekeletu, mfumu ya Amakololo ya ku Linyanti, amene ankafuna njira yogulitsira minyanga ya njovu kunyanja popanda kudyeredwa ndi amalonda apakati. Mfumuyo inapereka amuna 27, ng'ombe ndi minyanga. Ananyamuka mu Novembala 1853 kulowera kumadzulo, ndipo atavutika ndi mvula, malungo ndi misonkho ya mafumu a m'njira, anafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854. Kumeneko anamuuza kuti akwere sitima apite kwawo akachire. Iye anakana, chifukwa anali atalonjeza kubweza anthu a Sekeletu kwawo, ndipo anawabwezadi.

Njira ya kumadzulo inali yovuta, choncho mu Novembala 1855 anatembenukira kum'mawa kutsata Zambezi, ali ndi amuna 114 amene Sekeletu anaperekanso. Pakati pa mwezi womwewo Amakololo anamukweza m'bwato kupita naye pa kachilumba kali pamphepete penipeni pa mathithi amene iwo ankawatcha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu. Atonga, eni dera, anali nalo kale dzina lawo, Shungu Namutitima. Pamenepo madzi a Zambezi, otambalala mamita 1,708, amagwera m'phompho lakuya mpaka mamita 108. Livingstone anawatcha dzina la mfumukazi ya kwawo, Victoria. Pa kachilumbako anadzala nthangala za mapichesi ndi khofi, koma atabwererako mu 1860 anapeza mvuu zitawononga kadimba konse.

Mu Januwale 1856 analowa m'dera lathu pa Zumbo, pamene Luangwa athira mu Zambezi. Anapezapo mabwinja a nyumba zamiyala za amalonda, tchalitchi chogumuka ndi belu losweka lili m'udzu.

Tete amene anamupeza

Major Sicard anamusunga ngati m'bale wake kwa milungu pafupifupi 7. Anamupatsa malo ogona ndi zovala, anadyetsa gulu lake lonse, ndipo anamulangiza kuti adikire kaye nyengo ya malungo ipite kunyanja. Zimene Livingstone analemba m'masiku amenewo ndi chimodzi mwa zithunzi zomveka bwino za Tete wa nthawi imeneyo. Anawerenga nyumba zamiyala pafupifupi 30 ndi nyumba zaudzu pafupifupi 1,200, ndipo anayerekeza kuti anthu onse angakwane 4,500. Kupatula asilikali, Apwitikizi sankafika 20.

Mzindawu unali utagwa. Kale kuchokera kuno kunkachoka tirigu, mapira, chimanga, golide ndi minyanga kupita ku Quelimane. Koma eni ma prazo ataona kuti kugulitsa anthu kukubweretsa ndalama msanga, anayamba kugulitsa alimi awo omwe, pamodzi ndi anthu amene ankasefa golide m'mitsinje. Minda inasanduka tchire. Kuwonjezera apo panali nkhondo. Nyaude, amene Apwitikizi ankamutcha Joaquim José da Cruz, anali atamanga linga lake ku Massangano, pamene Luenha akumana ndi Zambezi, ndipo anatentha mbali yaikulu ya Tete. Kutsidya, Chissaka wa ku Macanga anali atawononga minda ya amalonda.

Livingstone anawoloka Zambezi kukaona malasha amene ankaonekera poyera m'magombe a kamtsinje ka Moatize, kamene kamathira mu Revúbuè. Analemba kuti malashawo angayendetse sitima zapamadzi. Ndi malasha omwewo amene migodi ikuluikulu inayamba kutumiza kunja mu 2011, mabanja ambiri atasamutsidwa kupita ku Cateme.

Pa 22 Epulo anatsika ndi bwato, ndipo pa 20 Meyi 1856 anafika ku Quelimane. Amakololo ambiri anawasiya ku Tete, atawalonjeza kuti adzabwera kudzawatenga. Sicard anawapatsa malo olima, ndipo iwo ankadzithandiza ndi kutema nkhuni zogulitsa, kupalasa mabwato ndi kusaka njovu. Mkulu wawo Sekwebu, amene anatsogolera ulendo wonse ndi kumasulira zinenero m'njira, anakwera naye sitima yaikulu, koma mutu unamusokonekera panyanja ndipo anadziponya m'madzi ku Mauritius.

Ena anayenda iye asanayende

Ku Britain anamulandira ngati munthu woyamba kudutsa Africa kuchokera kunyanja ina kufika kunyanja ina. Buku lake la Missionary Travels, la mu 1857, linagulidwa makope pafupifupi 70,000. Koma Tete anali atalandira kale alendo otero. Mu 1811 kunafika amalonda awiri achikuda, Pedro João Baptista ndi Amaro José, atayenda wapansi kuchokera ku Angola kudzera kwa Kazembe. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete, n'kudutsa m'dziko la Amaravi la mfumu Muzura mpaka kukafika ku Kilwa, m'dziko la Tanzania lero. Mu 1798 Francisco de Lacerda ananyamukanso kuno kupita kwa Kazembe, kumene anamwalira, ndipo mu 1831 Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo.

Ngakhale za nyanja ya Malawi, Livingstone anazimvera kuno ku Tete. Cândido José da Costa Cardoso, wamalonda wa mu mzinda uno, anamufotokozera za nyanja ya Amaravi imene iye anali ataiona ndi maso. Pamwamba pa onsewa panali Abisa, Ayao, Achikunda ndi Amaravi, amene njira zimenezi zinali zawo za malonda a masiku onse. Chimene Livingstone anaposa nacho anzake chinali cholembera ndi zida zoyezera. Ankayeza malo ndi nyenyezi, ankalemba tsiku ndi tsiku za mitengo, nthaka, matenda ndi miyambo, ndipo zolemba zake zinawerengedwa m'mayiko ambiri.

Pamene ntchito ithera

Pobwera ku Tete mu Febuluwale 1856, atafika cha ku Chicoa, Livingstone anasiya mtsinje n'kudula njira yachidule pamtunda. Anamva kuti kutsogoloko kuli mathithi otchedwa Kebrabasa, koma anaganiza kuti ndi aang'ono ndipo sanapite kukaona. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Opalasa mabwato a kuno ankawadziwa bwino malowo, ndipo dzinalo anthu amalimasulira kuti pamene ntchito ithera, poti basa m'Chinyungwe ndi ntchito.

Ku Britain iye anauza anthu kuti Zambezi ndi msewu umene Mulungu anaika woti sitima zilowere m'kati mwa Africa. Maganizo ake anali akuti alimi akamalima thonje ndi nzimbe n'kumagulitsa kwa amalonda obwera pa sitima, mafumu sadzaonanso phindu pogulitsa anthu. Boma la Britain linakhulupirira, linapereka mapaundi 5,000, ndipo linamuika kukhala kazembe wake ku Quelimane. Anabwera ndi mng'ono wake Charles, dokotala John Kirk, wojambula Thomas Baines, katswiri wa miyala Richard Thornton, ndi kasitima kotchedwa Ma Robert. Limeneli linali dzina limene Atswana ankaitanira Mary, monga mmene ife timanenera kuti make Robert.

Anafikanso ku Tete mu Seputembala 1858. Amakololo anamulandira ndi chimwemwe, koma anamuuza kuti anzawo 30 anafa ndi nthomba ndipo 6 anaphedwa ndi Bonga, mwana wa Nyaude. Kasitima kaja kanali kovuta. Kankadontha, kankatitimira m'mchenga, ndipo amuna ankatha tsiku ndi theka akudula nkhuni zoti kayendere tsiku limodzi.

Mu Novembala chaka chomwecho anapita kukaona Kebrabasa. Anapeza mtsinje utapanikizika pakati pa mapiri, madzi akuwinduka pakati pa miyala ikuluikulu ngati nyumba. Anabwererakonso wapansi ndi Kirk. Miyala inali yotentha mwakuti mapazi a Amakololo anatuluka matuza, ndipo iwo ananena poyera kuti bwana wawo wapenga. Kumayambiriro kwa Disembala anafika pa mathithi a Morumbua, pamene aliyense anaona kuti palibe sitima ingadutse. Komabe Livingstone analembera ku London kuti sitima yamphamvu ingathe kudutsa madzi akasefukira. Mu 1860, potsika ndi mabwato pamalo omwewo, bwato la Kirk linagubuduzika ndipo zolemba ndi zojambula zake zinapita ndi madzi.

Mkwiyo wa kulepheraku unagwera anzake. Baines anachotsedwa ntchito pomunamizira kuba katundu, ndipo Thornton anachotsedwa pomunena kuti ndi waulesi, pamene mnyamatayo ankadwala. Phompho limene linatseka njira ya Livingstone ndi lomwe linamangidwapo damu la Cahora Bassa kuyambira mu 1969. Khoma lake ndi lalitali mamita 171, ndipo makina a ku Songo amatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075.

Shire, nyanja ndi manda a ku Chupanga

Zambezi itakanika, anatembenukira ku mtsinje wa Shire. Mu Epulo 1859 anaona nyanja ya Chilwa, ndipo pakati pa Seputembala anafika pa nyanja ya Malawi. Anachita chidwi ndi ulimi wa Amang'anja, amene ankalima thonje, kuluka nsalu zawo ndi kusula makasu. Mu 1860 anaperekeza Amakololo kwawo monga analonjezera, ngakhale ambiri anabwerera m'njira chifukwa anali atakwatira ndi kubereka ana ku Tete. Ena mwa amuna amene Sekeletu anamupatsa ulendo umenewo anadzakhazikika m'chigwa cha Shire ali ndi mfuti, n'kusanduka mafumu. Maufumu a Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima ku Chikwawa anayamba choncho.

Mu Julayi 1861, akuperekeza Bishopu Charles Mackenzie kukatsegula mishoni ku Magomero, anakumana ndi gulu la akapolo pa mudzi wa Mbame. Anamasula anthu 84, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Anthuwo ankapita nawo ku Tete, ndipo pakati pa owayendetsa panali munthu amene Livingstone ankamudziwa kuchokera kunyumba ya Sicard. Chinamupweteka kwambiri ndi chakuti ogula anthu ankatsata mapazi ake, n'kumalowa m'madera amene kale ankaopa, akudzitcha ana a Mngerezi uja.

Chaka cha 1862 chinali cha maliro. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale, pamene Ruo athira mu Shire. Mary anafika pa Zambezi masiku omwewo, atatopa ndi zaka zokhala yekha. Sitima inachedwa m'madambo a kumunsi m'nyengo ya udzudzu, ndipo iye anadwala malungo amene kwinini sanawathe. Anamwalira pa 27 Epulo 1862 ku Chupanga ali ndi zaka 41, ndipo anaikidwa pansi pa mlambe waukulu. Manda ake alipo mpaka lero m'boma la Marromeu, m'chigawo cha Sofala. Pambuyo pake chilala ndi nkhondo zinapha anthu ochuluka m'chigwa cha Shire, mwakuti mitembo inkakola m'mapiko a sitima. Mu 1863 boma la Britain linalamula kuti ulendowo uthe.

Ulendo womaliza

Mu 1866 anabweranso, tsopano kudzafuna gwero la mtsinje wa Nile. Ankakhulupirira kuti akalipeza mawu ake otsutsa ukapolo adzamveka kwambiri kwa akuluakulu. Analowera ku Rovuma, anakhala kwa mfumu Mataka ku Mwembe m'chigawo cha Niassa, anazungulira kumwera kwa nyanja, n'kukwera mapiri a kumadzulo mpaka cha ku Dzalanyama. M'midzi ya Achewa anaona minda ikuluikulu ya mizere ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, komanso anthu othawa nkhondo ya Angoni.

Mu Januwale 1867 onyamula katundu awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala. Kuyambira pamenepo thupi lake linayamba kufooka, ndipo kangapo konse amene anamudyetsa ndi kumunyamula anali amalonda a Chiswahili, ogula akapolo omwe iye ankawatsutsa. Pa 15 Julayi 1871 ku Nyangwe, m'dziko la Congo lero, anaona anthu a amalondawo akuwombera khamu la anthu pamsika, ambiri mwa iwo amayi, ndipo mazana anafa ndi zipolopolo kapena kumira mu Lualaba. Analibe pepala ndi inki, choncho analemba zimene anaona pa nyuzipepala yakale ndi madzi a zipatso. Kumapeto kwa chaka chimenecho mtolankhani Henry Morton Stanley anamupeza ku Ujiji, n'kutenga makalata ake kupita nawo ku Ulaya. Livingstone anakana kubwerera.

Anamwalira pa 1 Meyi 1873 pa mudzi wa mfumu Chitambo, kumwera kwa nyanja ya Bangweulu ku Zambia, ali ndi zaka 60. Anamupeza atagwada m'mbali mwa bedi lake. Gwero la Nile sanalipeze, chifukwa madzi amene ankatsata anali a mtsinje wa Congo. Patangotha milungu 5, Sultan Barghash wa ku Zanzibar anasaina pangano lotseka msika wa akapolo. Amene anamukakamiza anali John Kirk yemwe uja, ndipo nkhani ya ku Nyangwe inathandiza kuti boma la Britain lichitepo kanthu.

Susi wa ku Chupanga

Amene anatsogolera zonse pa malirowo anali Abdullah Susi, mwana wa m'mbali mwa Zambezi amene anayamba ntchito yodula nkhuni za sitima ku Chupanga, ndi James Chuma, Myao amene anamasulidwa ku ukapolo ali mnyamata mu 1861. Iwo anakwirira mtima wa bwana wawo pansi pa mtengo wa muula, ndipo Jacob Wainwright anazokota dzina ndi tsiku pa thunthu lake. Thupi analithira mchere, analiyanika padzuwa milungu iwiri, n'kulikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo kuti lizioneka ngati katundu wamalonda, poti midzi yambiri sinkalola kuti mtembo wachilendo udutse.

Anayenda nalo miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo ena mwa anzawo anafera m'njira. Anafika ku Bagamoyo mu Febuluwale 1874. Ku London madokotala anatsimikiza kuti thupilo ndi lake poona fupa lija limene mkango unaphwanya. Anaikidwa pa 18 Epulo 1874 m'tchalitchi cha Westminster Abbey. Susi ndi Chuma sanakhale nawo pa mwambowo. Anawaitana pambuyo pake, ndipo nkhani ya masiku omaliza a Livingstone imene dziko limadziwa inachokera pakamwa pawo.

Mmene malire athu anabadwira

Imfa yake inadzutsa mipingo ya ku Scotland. Mu 1875 anatsegula mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, mu 1876 mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1878 kunabwera kampani ya malonda ya African Lakes. Apwitikizi ankati dera lonse kuchokera ku Angola kufika ku Mozambique ndi lawo, monga linkaonekera pa Mapa Cor-de-Rosa. Askotishi ankati mapiri a Shire ndi dziko la Livingstone. Mu Novembala 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a m'chigwa cha Shire, amene anali ndi mbendera za Britain. Pa 11 Januwale 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, ndipo pa 11 Juni 1891 mayiko awiriwa anasaina pangano la malire.

Kumadzulo kwa nyanja anagwirizana kuti malire azitsata msana wa mapiri, pamene madzi ena atsikira ku Zambezi ndipo ena ku nyanja ya Malawi. N'chifukwa chake msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu uli ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique mbali inayo. Palibe mfumu ya Achewa kapena ya Angoni imene inakhala nawo pa zokambiranazo. Angoni a kwa Maseko anagawika, phiri la Domwe lili ku Angónia pamene likulu la Inkosi Gomani lili ku Ntcheu. Achewa a Undi, amene likulu lawo lakale la Mano lili m'chigawo chino, anagwera m'mayiko atatu. Livingstone sanajambule mzere umenewu, poti anali atamwalira zaka 18 m'mbuyomo, koma dzina lake ndi limene Angerezi anagwiritsa ntchito pounenerera.

Mzerewo sunathe kudula chibale. Pa nkhondo ya zaka 16, anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri anafikira kwa abale awo. Pa msika wa Lizulu kachewere, kabichi ndi tomato za mbali zonse ziwiri zimagulitsidwa pamodzi. Mwezi wa Ogasiti uliwonse mafumu a Achewa a mayiko atatu amakakumana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba.

Cholowa cha dziko lonse

Pangano la UNESCO loteteza malo ofunika linakhazikitsidwa mu 1972. Paki ya nyanja ya Malawi, mmene muli manda a amishonale oyamba a ku Cape Maclear, inalowa pa mndandanda mu 1984 chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba za mbuna. Westminster Abbey inalowa mu 1987. Mathithi aja analowa mu 1989 m'dzina la Zambia ndi Zimbabwe, ndipo pa mndandandawo dzina la Mosi-oa-Tunya ndi limene lili patsogolo. Mzinda wakale wa Zanzibar unalowa mu 2000. M'menemo, pamalo pamene panali msika wa akapolo, pali tchalitchi cha Anglican chimene chimasunga mtanda wosemedwa kuchokera ku muula wa kwa Chitambo. Kwathu kuno, Ilha de Moçambique inalowa mu 1991.

Pa mndandanda womwewo pali zinthu za makolo athu zimene sizinadikire mlendo kuti azitche dzina. Mapanga 127 a ku Chongoni, pafupi ndi Dedza, analowa mu 2006. Muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali, mvula ndi maliro. Gule Wamkulu, amene ena mwa amishonale obwera pambuyo pa Livingstone anayesetsa kumuthetsa, UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala cholowa cha anthu onse m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, chaka chimodzi ndi timbila za Achopi.

Amene mukufuna kuona mapazi a mbiri imeneyi simusowa pasipoti. Linga la São Tiago Maior lili m'mbali mwa Zambezi mu mzinda uno, kamtsinje ka Moatize kakuyendabe, ndipo kuchokera ku Songo mungathe kuyang'ana phompho limene linabweza Ma Robert. Aphunzitsi a m'masukulu a m'malire, pophunzitsa za Livingstone, atchulenso Mebalwe, Sekeletu, Sekwebu, Cândido Cardoso, Chuma ndi Susi wa ku Chupanga, anthu amene anamupulumutsa, kumulipirira ulendo, kumulozera njira ndi kunyamula thupi lake mpaka kunyanja.